Mgolo Wokana Kuwira ku Tegeta

Tegeta sadikira dzuwa. Pofika 5 koloko m'mawa madaladala, maminibasi a kuno, ochokera ku Bunju ndi ku Boko amakhala atadzaza kale, akulimbirana pa Kibaoni ndi pa Kwa Ndevu kuti atsikire ku Mwenge ndi m'kati mwa Dar es Salaam msewu usanathinane. Msewu wa Bagamoyo umenewu adaukuza ndi thandizo la dziko la Japan, makilomita pafupifupi 13 kuchokera pa Mwenge kudzafika kuno, ntchito n'kutha mu 2014. Phula lisanakalambe n'komwe, akuluakulu adabweranso ndi zimagalimoto zokumba kuti pakati padutse mabasi a mwendokasi, ndipo fumbi lake aliyense wa kuno walilawa. M'mbandakucha momwemo m'mphepete mwa msewu mumadutsa katundu wa mitundu iwiri. Njinga zamoto zochokera chakumpoto zimabwera zitasenza matumba a makala otalika kuposa woyendetsa, ndipo pambali pake pamadutsa tinjinga tamatayala atatu todzaza masilinda a gasi a Oryx, Taifa Gas ndi Lake Gas, akugundana n'kumalira njira yonse. Boma la Tanzania lidasankha kale mbali pa mpikisano wa awiriwa. Koma pansi pa miphika ikuluikulu ya m'makwalala a kuno gasi akugonjabe, ndipo akugonja pa zifukwa zomwe zikadatha ndi ndalama zochepa kukadakhala wozilabadira.

Wina asafulumire kunena kuti gasi walephera paliponse asanaone msika wa Nyuki dzuwa likamatuluka. Matimati ndi anyezi akutsitsidwa m'malole, mikoko ya nthochi ikukokedwa pansi, nsomba za ku Kunduchi zikuyalidwa zikadali zonyezimira, ndipo m'mbali mwa zonsezi amayi ophika zogulitsa, omwe kuno amawatchula kuti mama ntilie, ayamba kale tiyi, chapati ndi mandasi. Amene ali ndi silinda ya makilo 6 yokhala ndi kachitofu pamutu amangopotokola n'kuyatsa. Ketulo imawira kasitomala asanamalize kupereka moni, palibe zokupiza mbaula, ndipo nsalu sinunkha utsi. Amayi amenewa ndiwo anali m'maganizo a Pulezidenti Samia Suluhu Hassan pamene mu Meyi 2024 adakhazikitsa ndondomeko ya zaka khumi yofuna kuti pofika 2034 anthu 80 mwa 100 alionse azidzaphika pa moto wopanda utsi. Mwezi womwewo adali ku Paris pa msonkhano womwe mayiko ndi makampani adalonjeza madola 2.2 biliyoni a ntchito yomweyi mu Africa. Chithunzi chomwe manyuzipepala amakonda n'chimodzimodzi nthawi zonse: wolemekezeka akupereka kasilinda kwa mayi womwetulira. Palibe choipa pamenepo. Kungoti mphika womwe onsewa akuuganizira ndi wa pabanja, wa malita asanu kapena khumi.

Mukachoka pamsika n'kulowa m'tinjira tamchenga ta kuseri, mumapeza anthu ophika m'migolo. Ena mwa iwo ndi amayi ofulula komoni, mowa wa chimanga womwe anthu a ku Iringa ndi ku Mbeya adabwera nawo m'tauni, ndipo Mmalawi akaulawa safunsa zambiri, amangoti awa ndi masese. Kafululidwe kake wa kwathu amakadziwa: phala liwire mokwanira, lizizire, athiremo chimera cha chimanga kapena cha mawere, ligone, kenako asefe. Chilichonse mwa izi chimadikira chinzake, ndiye phala likachedwa kuwira lichedwanso kuzizira, chimera chilowa usiku, ndipo mowa womwe anthu adaulonjezedwa Loweruka udzakhala ukadali thobwa. Titenge mmodzi mwa amayi otere amene wasiya nkhuni, kaya chifukwa mwini nyumba watopa ndi utsi, kaya chifukwa cha chifuwa chake chomwe. Wagula silinda ya makilo 15, chitofu chachitsulo chonga mphete, paipi ndi reguleta yomwe mnyamata wa m'shopu adamupatsa, yofanana ndi ya m'khitchini ya aliyense. Wakhazika mgolo wa malita 200, wayatsa 5 koloko. Tsopano ndi 8 koloko, ana apita kale kusukulu, ndipo pamwamba pa madzi pakungoyenda kanthunzi, m'mbali muli tithovu tating'ono, koma kubwadamuka ayi. Anzake odutsa amuuza kuti adekhe. Kudekha kumaonetsa maso a nkhono, koma mgolo sikuuwiritsa.

Vuto loyamba ndi la masamu, ndipo masamu ake ndi a ku sekondale. Kuti malita 200 a madzi achoke pa madigiri 28, omwe ndi kafundidwe ka madzi ogona panja kuno kunyanja, n'kufika pa 100, pamafunika kutentha konse komwe kuli mu kilo imodzi ndi magalamu 300 a gasi. Apo ndiye kuti palibe kotayika, koma kotayika ndi kochuluka. Mgolo wokhala pabwalo popanda chotchinga ukhoza kulandira gawo limodzi lokha mwa magawo atatu a kutentha kwa lawi, kwinako n'kuthawira m'mbali kukawotcha miyendo ya wophika. Zikatero pafunika makilo 4. Tsono reguleta ya kunyumba adaipanga kuti izitulutsa gasi wosapitirira kilo imodzi ndi theka pa ola. Ngakhale china chilichonse chitayenda bwino, pafunika maola pafupifupi atatu kuti madzi angoyamba kuwira, ntchito yeniyeni isanayambe. Nanga amene angayese ndi kachitofu ka pamutu pa silinda yaing'ono ija, komwe kamadya magalamu 200 okha pa ola? Ameneyo akuthirira dimba ndi supuni. Madzi adzafika pofunda n'kuima pomwepo, chifukwa kutentha komwe kukulowa pansi kukufanana ndi komwe kukutuluka m'mbali ndi pamwamba.

Ngakhale kilo ndi theka ija, silinda siipereka mpaka mapeto, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amasokonezeka. Gasi wa mu silinda amakhala wamadzimadzi. Kuti atuluke monga mpweya ayenera kuwira m'kati momwemo, ndipo kuwira kulikonse kumadya kutentha. Kutenthako amakutenga ku chitsulo cha silinda, chitsulocho n'kumakupempha ku mpweya wa panja. Ketulo ya tiyi imakoka pang'ono kwa mphindi zochepa, silinda n'kupuma. Mgolo umakoka mosalekeza kwa maola, ndiye chitsulo chimazizira, chimachita thukuta, ndipo pamapeto pake m'munsi mumatha kuoneka mzere woyera wa chisanu, m'dera lomwe anthu sagona popanda fani. Gasiyu ndi wosakaniza propane ndi butane. Propane amawira pa madigiri 42 pansi pa ziro, kotero kuzizira sikumuvuta, pomwe butane amawira pafupi ndi ziro ndipo akazizidwa amangokhala phee m'munsimo. Woyamba kuthawa ndi propane, wotsala ndi butane. Kuwonjezera apo, silinda ikafika pakati, chitsulo chomwe chikukhudzana ndi gasi wamadzimadziyo chimakhala chachepa, ndiye njira yolowera kutentha yachepanso. N'chifukwa chake lawi lomwe limalilima 5 koloko, pofika 7 limakhala likungonyambita pansi pa mgolo. Mayi uja anyamula silinda, aimva kulemera, aigwedeza n'kumva kuti m'kati muli gasi wambiri, ndipo akhulupirira kuti amugulitsa zachabe.

Mkangano wake umamveka pakhomo la shopu zambiri za gasi. "Achimwene, mwandigulitsa mphepo," amatero wogula. "Ayi mayi, chidindo mwamatula nokha, ife timangolandira," amayankha mnyamata. Sitinganene kuti kukayikira kwa mayiyu n'kopanda pake, pakuti opungula gasi m'masilinda mobisa alipo, ndipo bungwe la EWURA lomwe limayang'anira malonda amenewa lakhala likuchenjeza za iwo. Koma mlandu umenewo umatha ndi sikelo. Kulemera kwa silinda yopanda kanthu kudalembedwa pa chitsulo chake, ndiye ingoikani pa sikelo ya wogulitsa mpunga n'kuchotsera. Nthawi zambiri makilo amakwana, lawi n'kumafookabe. Choopsa ndi mankhwala omwe anthu amapangira matenda osawadziwa. Wina amagoneka silinda cham'mbali, osadziwa kuti akulowetsa gasi wamadzimadzi mu reguleta ndipo lawi likhoza kulumpha mpaka kudenga. Wina amaithira madzi otentha, wina amaisendeza pafupi ndi moto kuti ifunde. Lawi limadzukadi, ndipo kudzuka kwakeko ndiko kumaphunzitsa mnzake woonerera kuti achitenso chimodzimodzi.

Zotsalazo zimaoneka munthu akagwada n'kusuzumira pansi pa mgolo, ntchito yomwe ogulitsa gasi sachita. Lawi labwino ndi lobiriwira ngati mtambo, lalifupi, lolimba. Likakhala lachikasu ndi lotambalala ndiye kuti likusowa mpweya. Mwina kachitseko ka mpweya pa khosi la chitofu katsekeka, mwina kabowo kotulukira gasi kalowa phala louma, mwina mavu adamangamo nyumba yadothi sabata yomwe chitofu chidapuma, kapena kangaude adalukamo. Lawi lachikasu limapaka mwaye pansi pa mgolo, ndipo mwaye umatchinga kutentha. M'kati namo muli zotchinga zake: nkhoko za phala la ulendo watha, komanso kwa amene amatunga pachitsime m'malo mwa mpope wa DAWASA wochokera ku mtsinje wa Ruvu, chikanga choyera chomwe madzi a laimu a m'mbali mwa nyanja amasiya pa chitsulo. Palinso mpata wa pakati pa chitofu ndi mgolo. Wozolowera nkhuni amakweza mgolo pa njerwa kuti zikuni zilowe, ndipo akabwera ndi gasi njerwazo sazitsitsa, lawi n'kumapsereza mphepo. Akautsitsa kwambiri, lawi limabanika n'kumatulutsa mpweya wakupha wosanunkha, womwe m'kachisakasa kotseka umayamba ndi mutu ndi chizungulire. Ndiye pali chivundikiro, chinthu chotsika mtengo kuposa zonse. Lita imodzi ya madzi ikasanduka nthunzi imachoka ndi kutentha kokwanira kufikitsa malita 7 powira. Mgolo wosavundikira ukafika madigiri 80, mbali yaikulu ya gasi imangothera kupanga nthunzi yokwera kumwamba. Lata lodulidwa mozungulira, lovundikira mgolo mpaka madzi atawira, lingathe kubweza nthawi yambiri yomwe mayiyu amataya m'mawa uliwonse.

Masana a Tegeta alibe zambiri zokamba. Dzuwa limaswa mtengo, a bodaboda, akabaza a kuno, amagona pa njinga zawo pansi pa mthunzi uliwonse womwe aupeza, pamsika ntchentche zimachuluka kuposa ogula, ndipo malole a simenti amatsika kuchokera ku Wazo Hill akutsatizana.

Malole amenewa ndi ofunika kuwalondola komwe achokera. Pamwamba pa phiri, makilomita ochepa kuchokera pa Kibaoni, pali fakitale ya Twiga Cement yomwe idayamba kupanga simenti mu 1966. Uvuni wake umawotcha miyala ya laimu pa madigiri 1,450, ndipo kuyambira 2004 gasi wake amabwera pa paipi kuchokera ku chilumba cha Songo Songo, mtunda woposa makilomita 200. Ku Tegeta komweko kuli makina a TANESCO opanga magetsi a mamegawati 45 ndi gasi yemweyo. Choncho dera lino limadziwa bwino kuyatsa gasi. Pa fakitale pali mainjiniya omwe ntchito yawo ndi kuyeza mpweya wolowa mu uvuni ndi kutentha kotuluka pa chumuni, chifukwa kumeneko kutentha kotayika amakuwerengera m'ndalama. Mayi wa komoni ali m'munsi mwa phiri lomwelo, gasi wake ndi wamtundu wina, wobwera pa sitima kuchokera kunja n'kudzathiridwa m'masilinda ku Kigamboni, ndipo pa kilo amalipira mtengo wa wogula pang'onopang'ono. Wolipira kwambiri ndi yemwenso alibe womuuza kuti magawo awiri mwa atatu a zomwe wagula akuthera m'malere.

Cha m'ma 3 koloko mphepo ya kunyanja imayamba, anthu n'kupumako, koma kwa wophika pabwalo ndi mdani wina. Imapinda lawi n'kulitulutsa mbali imodzi ya mgolo. Apa wina anganene kuti yankho lilipo kale m'mashopu a zitsulo a mumsewu waukulu: chitofu champhamvu chija cholira ngati ndege, chomwe okazinga tchipisi amachikonda, pamodzi ndi reguleta yake yotsegula kwambiri. N'zoona kuti chimawiritsa madzi msanga. Koma chikakoka makilo awiri kapena atatu pa ola kuchokera ku silinda imodzi ya makilo 15, chisanu chija chimabwera mofulumira kuposa kale. Komanso phala si madzi. Madzi akatentha pansi amakwera okha, ozizira n'kutsika, pomwe phala lolimba limakhala pomwe lili, ndiye lawi lolasa malo amodzi limapsereza pakati m'mbali mukadali mofunda, ndipo mowa wonunkha chipsereza womwa amauzindikira pa kapu yoyamba. Chomwe mgolo umafuna ndi zinthu zingapo zoyendera limodzi: silinda ya makilo 38, kapena ziwiri zolumikizidwa kuti zigawane ntchito, reguleta yolingana ndi chitofu, chitofu chotambalala chomwe lawi lake limakwana pansi ponse, ndi mpanda walata kapena wa njerwa wozungulira mgolo, wosiya kampata koti mpweya wotentha ukwere mokhudza chitsulo usanatuluke. Owotcherera zitsulo omwe akupanga mageti ndi mawindo m'mbali mwa msewu wa Bagamoyo angaupange mpanda wotere tsiku limodzi. Palibe amene adawapatsa miyezo yake.

Wa makala nayenso ali ndi mfundo, ndipo si yopepuka. Moto wa makala ndi nkhuni ndi wotambalala mwachibadwa, umatenthetsa pansi ndi m'mbali momwe, ndipo suzizira chifukwa chokokedwa kwambiri. Koposa zonse, makala amagulika monga mwa thumba la munthu: lero kachitini, mawa ndowa. Silinda ya makilo 38 imafuna ndalama zonse nthawi imodzi, kuphatikizapo za chitsulo chake, kwa munthu amene mpamba wake umazungulira pa sabata. Amene amanena kuti ofulula akukakamira makala chifukwa cha umbuli sadawerengepo ndalama za mgolo umodzi. Koma mfundo imeneyi ikungosonyeza pomwe thandizo liyenera kulunjika. Mzinda wa Dar es Salaam wokha umadya pafupifupi theka la makala a dziko lonse la Tanzania, ndipo mgolo umodzi wophikidwa kawiri pa sabata umatha nkhuni zomwe banja lingaphikire masiku ambiri. Ngati cholinga ndi kupulumutsa nkhalango za ku Pwani ndi Morogoro, ngongole yaing'ono ya zipangizo zoyenera kwa wophika mumgolo mmodzi ikhoza kuposa tisilinda tambiri toperekedwa pamsonkhano, tomwe ena mwa ito tikatha gasi woyamba timakakhala pansi pa bedi.

Ena adzafunsa kuti boma lingataye bwanji nzeru ndi ndalama pa mowa, pomwe mipingo ndi mizikiti ya kuno ikulimbana nawo. Funso limeneli likadakhala lamphamvu mgolo ukadakhala wa ofulula okha. Mphika waukulu womwewo ndiwo umaphika nyemba za ana a sukulu zogonera komweko, pilawu wa paukwati, makande (chimanga chophika pamodzi ndi nyemba) a amisiri omanga nyumba zomwe zikumera ku Madale ndi ku Mbweni, ndi chakudya cha pamaliro. Boma lidalamula kale kuti malo ophikira anthu oposa 100 asiye nkhuni ndi makala. Wophika wa pasukulu amene silinda yake yachita chisanu 10 koloko, ana akudikira nkhomaliro, ali pa vuto lomwelo la mayi wa komoni, ndipo akatulukira kuseri kukakoleza nkhuni si chifukwa chonyoza lamulo. Wofulula amangoonetsa vutoli poyera chifukwa iye alibe bajeti yobisamo zotayika.

Dzuwa likapendeka msewu umatembenuka. Madaladala amabwera odzaza kuchokera m'tauni, nyama yowotcha imayamba kununkhira pa Kwa Ndevu, ndipo m'makalabu a kuseri mabenchi amadzaza. Komoni amamwera m'zikopo zapulasitiki zazikulu, zoyenda dzanja ndi dzanja. Mwa omwa simulephera kumveka Chitonga, Chitumbuka kapena Chichewa cha anyamata a kwathu ogwira ntchito m'mayadi a ku Mbezi Beach ndi Kunduchi, omwe kuno onse amangotchedwa Wanyasa. Iwowa akadzabwerera kudzera pa Songwe adzapeza nkhani yomweyi ikuwadikira. Malawi ali ndi ndondomeko yake ya makala ya 2017 mpaka 2027, mashopu a gasi akuchuluka ku Lilongwe ndi ku Blantyre, ndipo ofulula masese ndi otcheza kachasu a ku Chinsapo, ku Ndirande ndi ku Mbayani amawotcha nkhuni zomwe palibe amene amaziwerenga pokamba za khitchini ya pabanja. Kwathu zidzavuta kuposa pano, pakuti m'mawa wa mwezi wa Juni ku Dedza kapena ku Mzuzu silinda imayamba ntchito itazizidwa kale.

Phala lomwe lidayenera kuwira 7 koloko n'kuwira 10 lafika pozizira mdima utagwa, ndipo mwini wake athira chimera ndi tochi ya foni. Akawerengera, apeza kuti silinda yomwe ankayembekeza kuti iphika migolo inayi yatha pa wachiwiri. Mumsewu waukulu mnyamata wa gasi akulowetsa masilinda ake m'khola lazitsulo n'kukhoma loko. Pa chikwangwani chake pali nambala ya foni ndi lonjezo loti amabweretsa mpaka pakhomo, ulere. Mukaiyimba kunena kuti gasi watha, njinga ifika mphindi khumi zisanakwane. Mukaiyimba kunena kuti gasi alipo koma mgolo sukuwira, adzakufunsani ngati mukufuna silinda ina.